Kanungu ka Tadala

Amayi, kaya kumeneko mukukhala bwanji.

Ine ndilipo, kungoti thupi lalema. Ndikugwirabe mashifiti ku weyahausi yosungiramo katundu ku Corby. Basi imatitenga mbandakucha, pobwera ndimasinza mutu uli pawindo mpaka kufika ku Leicester. Mlongo wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Ndangomuona pafoni, koma chipumi ndi chanu chomwe. Ku Ntcheu akuti mbozi zinalowa m'chimanga, akolola chochepa. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula, sanalikonzebe.

Za mpongozi wanu Aginesi sindinena zambiri, mwina munamuchingamira nokha. Tinamuika konkuno mu Febuluwale chaka chatha. Ndalembera za mdzukulu wanu Tadala, uja munamusiya akuyamba sukulu. Pano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Chimwalirireni mayi ake, mwanayu anasiya kucheza nane. Ndikamufunsa kanthu ankangoti inde kapena ayi, m'Chingerezi. Kuseri kwa nyumba kuli kadimba ka Aginesi, ndipo ndinadzalamo maungu chifukwa mbewu anazisiya m'kabati. Mu Ogasiti munabwera kanungu kudzadya nkhono, kankalowera pa mpata wa pansi pa mpanda. Tadala anayamba kukaikira chakudya cha amphaka m'kambale dzuwa likamalowa, n'kukhala pansi kumakafotokozera za kusukulu, za anzake, za mayi ake. Ine ndinkamvetsera pawindo ndikutsuka mbale. Nkhani za mwana wanga ndinkazimvera kwa kanungu. Kenako anatenga njerwa n'kutseka mpata uja kuti kasachoke. Ndinaona, koma ndinamuleka.

Mu Disembala, Loweruka lina m'mawa, ndinakapeza pansi pa masamba kuseri kwa shedi yosungiramo zipangizo, katadzipinda ngati mpira, kozizira, kosapuma. Inu mukundidziwa, Amayi. Munkati, "Lameki akaswa mbale salira, amakakwirira zidutswa kuseri kwa nkhokwe." Ndinati mwanayu asaonenso mtembo wina. Ndinakakulunga m'chinsanza n'kutenga fosholo, kuti akadzuka ndimuuze kuti kathawa. Koma nthaka inali gwa ndi chisanu, ndiye ndinachedwa. Anandipeza ndikukumbabe.

"Adadi, mukutani?"

"Kafa, mwanawe. Pepa."

Anandikankha, n'kumasula chinsanza, n'kuyamba kusisita minga ndi chala pang'onopang'ono. Minga inagwedera, n'kuimirira.

"Sikanafe! Kamagona nthawi yonse yozizira, tinaphunzira kusukulu. Inu simudziwa chilichonse!"

Kwathu ndinaiona liti nyama yogona miyezi inayi? Ndikanakakwirira kamoyo. Tinakabwezera pamasamba pake n'kukafunditsa bwino. Kenako Tadala anayang'ana dzenje lija, n'kundifunsa m'Chichewa chake chopindika chija:

"Nanga amami? Munawagwira chonchi? Munadikira?"

Amayi, ndinangokhala pansi pomwepo, pachisanupo. Miyezi khumi inali itapita ndisanamuuze kanthu za tsiku lija. Kuchipatala ndinamuletsa kulowa, bokosi sanalione lotsegula, ndinkati ndikumuteteza. Tsiku limenelo ndinamuuza zonse. Kuti ndinagwira dzanja la mayi ake kuyambira m'mawa mpaka linazizira. Kuti anamwino awiri amene Aginesi ankagwira nawo ntchito anabwera kudzamvetsera pachifuwa, kenako dokotala. Kuti ndinadikira, ndinadikira kwambiri, ndipo mayi ake sadzadzuka kukayamba kufunda. Analira mpaka kusanza. Nanenso ndinalira, koyamba pamaso pake.

Kanungu kanadzuka mu Epulo, kataonda. Chakudya kankangonunkhiza, n'kumayenda m'mbali mwa mpanda, uku ndi uku, kukankha njerwa ija mpaka mphuno inasupuka. Ndinafuna kuichotsa Tadala ali kusukulu, koma ndinadzigwira. Zobisa ndatopa nazo. Ndinangomuonetsa mphunoyo.

Masiku atatu njerwa inakhalabe pomwepo. Tsiku lachinayi madzulo anati, "Adadi, bwerani muime apa." Anagwada n'kukoka njerwa yekha ndi manja awiri. Tinaima nthawi yaitali, mpaka msana unayamba kundiwawa. Kenako kanungu kanatulukira pansi pa shedi, kanadutsa pafupi ndi phazi lake, n'kulowa pampata osacheuka.

"Kabweranso?"

"Sindikudziwa."

"Chabwino," anatero. "Bola simunaname."

Papita milungu itatu, sikanabwere. Kambale amakaikabe, koma amene amadya ndi mphaka wa aneba, ndipo Tadala akudziwa. Njerwa ija anaika pawindo la kuchipinda kwake, ndaisiya pomwepo. Nkhono zayamba kale kumaliza mbande za maungu, chaka chino nkhwani sitidya. Koma ndikamatsuka mbale amabwera kudzapukuta, ndipo za kusukulu akuuza ine. Zambiri ndi za amene wayambana ndi mnzake, mayina sindiwagwira n'komwe, koma ndimamvetsera ngakhale maso akulemera.

Mumuuze Aginesi kuti Lamlungu tikubwera kumanda kwake, Tadala wapempha yekha. Kwanunso ndidzabwera naye, adzaone pamene tinakuikani ndi kuseri kwa nkhokwe kuja. Chaka sindinena, koma ndidzabwera naye, ndipo chilichonse chimene adzandifunse panjira ndidzamuyankha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lameki