Botolo Lanu Landipezetsa Ntchito

Okondedwa abambo,

Ndikhulupirira kuti inu ndi amayi muli bwino ku Thambaniko. Nanga bondo lija likukulolani kukwera makwerero? Ine kuno ku Joni ndili bwino, mtima uli mbee.

Paja ndinakuuzani kuti andilemba moyeserera kwa mwezi umodzi pamalo pomwe alendo amagona ndi magalimoto awo. Magalimotowa ndi nyumba zoyenda, mkati muli bedi, khitchini ndi firiji. Oyesedwafe tinali awiri, koma ntchito imodzi.

Loweruka kunabwera agogo ena ndi akazi awo, malo athyathyathya onse atadzaza. Panatsala potsetsereka pokha. Galimoto yawo inaima chopendekeka, chitseko cha firiji n'kutseguka chokha, mazira phwaa pansi. Mayiwo anakalipa kuti sangagone mutu uli kumunsi ngati mleme, bola apite kwina. Abwana athu a Keith anafunafuna levulo yoyezera kupendekekako, osaipeza. Mnzanga uja anangoti tiyeze ndi maso.

Pamenepo ndinakumbukira inu. Ndinathira madzi m'botolo osadzazitsa, kutseka, n'kuligoneka pansi m'galimotomo. Thovu linathawira kumanja. Paja munkati thovu limakonda kumtunda, ndiye ndinadziwa kuti kwatsika ndi kumanzere. Ndinayala matabwa kutsogolo kwa matayala akumanzerewo, agogo aja n'kukwezapo galimoto pang'onopang'ono. Koyamba ndinachulutsa matabwa, thovu n'kuthawira kwina, ine thukuta kamukamu. Nditachotsa limodzi linakhazikika pakati penipeni. Ndinapinga matayala ndi miyala, n'kutsitsa miyendo yachitsulo kuti galimoto isamagwedezeke. Mayi aja anaika patebulo dzira limodzi lomwe linapulumuka, silinasunthe. Anaseka mpaka misozi.

Lolemba a Keith anandiuza kuti ntchito ndi yanga. Atafunsa sukulu yomwe ndinaphunzira zimenezi, ndinayankha kuti ya abambo anga, omanga nyumba ku Mwanza. Ndinanyada, komanso manyazi anandigwira, chifukwa sindinaiwale tsiku lija ndinakutayirani botolo kuthengo n'kunena kuti umisiri wotere ndi wachikale. Pepani, abambo, chinali chibwana.

Pempho langa ndi limodzi. Khonde la amayi lija musaliyambe, mundidikire Disembala. Inu mudzangokhala pampando n'kumandikalipira, botolo ndidzagwira ndine.

Mundiperekere moni kwa amayi, achemwali a Malita ndi alamu, komanso amalume a Zakeyu ku Nthache.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Sankhani