Deti Yolembedwa Kuseri kwa Kabati

Lolemba, 4 Ogasiti

Lero ndayamikiridwa, ndilemberetu chifukwa sizichitika kawirikawiri. Ndikumanga nsapato pakhonde m'mawa, ndamva Madamu akuuza mnzawo wa nyumba yoyandikana nafe kuti iwo masiku a jakisoni wa kulera anasiya kuwerenga, amene amadziwa ndi bambo a mapasa. Mnzawoyo akuti amuna otere anatha kalekale. Ine phee ngati sindikumva, koma mtima uli myaa. Ndafika ku shedi yathu ya ukalipentala ndikuimba likhweru.

Zinayamba mu Epulo. Madamu anabwera kuchokera kobayitsa atatopa, nandiuza kuti ana timabereka tili awiri koma kulera kunasanduka kwa munthu mmodzi. Wobayidwa ndi iwo, mutu wopweteka ndi wawo, ngakhale kukumbuka deti ndi iwo omwe. Zinandilasa. Ndinati bweretsani khadi la kuchipatalalo, kubayidwa sindingabayidwe m'malo mwanu koma deti ndi ntchito yanga.

Ndipo si zamasewera. Pobadwa mapasa Madamu anataya magazi ambiri, ndinakhala pabenchi la chipatala masiku anayi osadziwa ngati ndibwerera kunyumba ndi mkazi. Adokotala anatiuza tonse awiri mosapsatira kuti mimba ina ikhoza kuwatenga. Tili ndi mtsikana wathu wa sukuluyu ndi mapasa, basi atikwana.

Khadi ndinalisunga ku shedi, chifukwa kunyumba mapasa amatafuna chilichonse chapepala. Deti ili chapakati pa mwezi uno, ndikuganiza choncho. Mawa ndiyang'ana.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Khadi palibe. Ndasanthula bokosi la zida, thumba la misomali, matumba a ovolosi, mpaka mulu wa utuchi. Likhweru latha.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Alamu andipeza ndikukumbanso utuchi ngati nkhuku. Vuto la kugwira ntchito shedi imodzi ndi mchimwene wa mkazi wako ndi lomweli, sungadwale mutu osafunsidwa. Ndawauza kuti ndataya pepala la miyeso. Akuti kuyambira liti ine kulemba miyeso papepala, munthu amene ndimalemba chilichonse pathabwa, mpaka nambala za foni za makasitomala.

Pomwepo mutu wanga unatseguka. Kabati ija ya kalilole! Inakhala pakona miyezi iwiri osagulidwa, ine ndinaisandutsa ofesi. Khadi ndinaliika mu dirowa ya m'munsi, deti ndinailemba ndi pensulo kuseri kwake, ndikudzitama kuti ndasunga pawiri. Mu Julayi anaigula mayi a saluni aja a pafupi ndi siteji ya basi. Ndinaikweza pangolo ndi manja angawa, ndipo ndi ine amene ndinakaikhomera kukhoma kuti isagwere makasitomala awo.

Ndinalephera kubisa, ndawauza alamu zonse. Aseka mpaka kukhala pansi pa utuchi. Atapuma anena kuti kwa mlongo wawo sakanena kanthu, si nkhani yawo, koma ine ndikanene msanga. Ndati ndikanena ndikapeza khadi. Kunena uli ndi khadi m'manja ndi nthabwala, kunena wopanda khadi ndi mlandu.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ku saluni. Ndinanyamula hamala ndi sandipepa kuti ndioneke ngati mmisiri wosamala makasitomala ake, ndati ndabwera kudzaona ngati madirowa sakulimba. Mayi aja akondwa, akuti amisiri ena akalandira zawo sawaonanso. Ndatsegula dirowa ya m'munsi: mawigi, zipeso, mafuta a tsitsi. Khadi ayi. Ndafunsa mozungulira ngati munali timapepala. Akuti munali zinyalala za ku shedi kwanu, tinataya tsiku lomwelo.

Basi kunatsala kuseri. Ndati kabatiyi yapendekeka, ndiyenera kuizula ndiikhomenso. Sinapendekeke ngakhale pang'ono, ntchito yanga ndimaidziwa. Amayi atatu ali pamipando tsitsi lili theka, andiyang'ana ndikuzula misomali yomwe ndinakhoma ndekha, ndipo ndinaikhoma ngati sidzazulidwanso mpaka kalekale. Thukuta kamukamu. Mmodzi akuti bambowa ntchito amaikonda.

Ndaisendeza, ndasuzumira. Pensulo yanga yomwe, pakati pa miyeso ya kalilole ndi nambala ya wogulitsa vanishi: M. jak. 29 Julayi.

Julayi. Osati Ogasiti. Masiku asanu ndi anayi apita kale.

Ndaikhomanso mothamanga, ndipo tsopano yapendekeka zenizeni.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndinakonza zoti ndinena pa tiyi wa m'mawa. Mawu ndinawayala bwinobwino. Kenako Madamu, akupukuta mmodzi wa mapasa kukamwa, afunsa okha mosaganiza kanthu kuti kodi tsiku lija latsala pati, akufuna apemphe chilolezo msanga kwa a hedi kusukulu ya mkaka komwe amaphunzitsa. Ine pakamwa pangotuluka kuti latsala pang'ono, ndikuuzani.

Anati chabwino, osandiyang'ana n'komwe. Ndi zimenezo zandipweteka tsiku lonse, sanandikayikire ngakhale pang'ono.

Ku shedi ndadula thabwa la mwendo wa tebulo kawiri, konse kufupika. Alamu sanaseke lero. Angonditengera sowo m'manja n'kundipatsa tsache.

Kuyambira dzulo ndikunamizira msana, ndikugona m'mphepete mwa bedi ngati mlendo. Madamu andigulira mafuta opaka. Munthu wabodza kumupakanso mafuta, manyazi ake osaneneka. Ndikuopa. Ndikatseka maso ndikuona benchi lija.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndanena.

Anali akuyanika zovala kuseri, ine ndawagwirira beseni kuti manja anga apeze chochita. Ndayamba ndi kabati, ndafika pa mawigi, mpaka pa amayi a tsitsi latheka. Pa mawigipo anayamba kuseka. Nditatchula 29 Julayi kuseka kunazima. Anawerenga zala, anakhala pamwala wochapira, kabudula wa mwana ali m'manja akudontha.

Ndimayembekeza mkuntho, ndipo ukanabwera bwenzi zili bwino. Anayankhula motsitsa.

"Khadi kutayika si nkhani, bambo a mapasa. Ndinakwatiwa ndi munthu wolemba pamatabwa, ndimadziwa. Koma dzulo ndinakufunsani. Thupi ndi langa ili, mukanandiuza Lachinayi lomwelo."

Ndati ndinaopa kuti musiya kundikhulupirira. Anati ndiye mwaona kuti bodza ndi limene lingathandize? Kenako anandifunsa za msana. Ndavomera kuti msana uli bwinobwino. Anati mafuta aja ndibweze, ndi awo.

Kuchipatala za kulera amapanga pakati pa sabata basi. Tidikira Lolemba.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Tsiku lalitali. Ndachapa, ndasesa, ndakonza chitseko cha bafa chomwe akhala akundiuza kuyambira chaka chatha. Anangoti zikomo, zikomo wake wa alendo.

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndatseka shedi theka la tsiku, tapita limodzi. Pabenchi amayi okhaokha, mwamuna ndine ndekha, chipewa pamaondo. Mayi wina wafunsa Madamu monong'ona ngati ndalakwa. Madamu ati kwambiri.

Anamwino ndi mayi wamkulu wa magalasi, wosachedwa ndi nkhani. Afunsa khadi. Madamu angonditembenukira. Ndafotokozanso za kabati kachitatu sabata imodzi, ndipo anamwino avula magalasi kuti aseke bwino. Akuti amva zifukwa zambiri pampando umenewo, mbuzi, moto, mvula, koma kabati ndi koyamba. Atiuza kuti masiku amene tachedwawa sanapitirire malire, jakisoni sathera mphamvu pa tsiku lenilenilo, komabe poona mbiri ya Madamu ayeza kaye kuti mitima ikhale pansi.

Mphindi zisanu zimenezo ndinawerenga matabwa onse a kudenga. Makumi anayi ndi awiri, awiri odyedwa ndi chiswe.

Palibe mimba. Madamu anapumira m'mwamba, nanditsina pantchafu mpaka ndinadumpha. Sindinakondwerepo ndi kutsinidwa ngati lero.

Abayitsa, apatsidwa khadi latsopano, aliika m'chikwama chawo ine ndikuona.

Anamwino atamva za mutu umene umavuta Madamu anayala njira zonse patebulo: mapiritsi, ya pamkono, lupu, makondomu. Ndinazindikira kuti pafupifupi zonse zikulowa m'thupi la Madamu. Ndafunsa ngati za abambo zilipo zina. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti kulipo kutseka. Ndinapana miyendo osadziwa. Akuti si kufula ngati mbuzi, bambo, mphamvu zonse zimakhala momwemo, ndi kantchito ka mphindi zochepa, munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Koma n'kosabwerera, ndipo miyezi itatu yoyamba pamafunikabe njira ina mpaka atayeza. Atipatsa kapepala kuti tikawerenge, akuti nkhani imeneyi sagamula munthu ali ndi manyazi a mlandu.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Kapepala ndakawerenga kanayi. Alamu akaona m'thumba la ovolosi, ayamba zawo, akuti ndidzayamba kuimba mawu aang'ono kutchalitchi. Ndati bola ine ndidzaimba, inu ana asanu ndi mmodzi mukungolira. Aseka, koma pa nthawi yopuma ndawapeza akuwerenga kapepala kaja kuseri kwa mulu wa matabwa.

Madzulo ana akusewera panja ndauza Madamu kuti ndikufuna kutseka. Sanathamangire kukondwa. Anandifunsa mafunso ovuta: nanga iwo atamwalira ine n'kukwatiranso, nanga ndikuchita kuti ndilipe mlandu wa kabati? Ndati ana atatu ndi anga kaya zitani, ndipo za kabati ndinalipa kale ndi chitseko cha bafa. Zaka zisanu ndi ziwiri akubayidwa iwo. Ine kamodzi kokha, ndipo sadzawerenganso masiku, ngakhale ine wosadziwa kuwerengane.

Anati ndiganize sabata ina. Koma tiyi wanga anathira shuga masupuni atatu, muja amachitira akakhala kuti sanakwiye.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Mayi a saluni aimba foni, akuti kabati yapendekeka. Ndapita ndakaiwongola, ulere. Deti ija ndaifufuta ndi sandipepa.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Sabata yakwana, maganizo sanasinthe. Mantha alipo, sindinama, ine munthu amene ndimatembenuza nkhope akamabaya mwana. Tapitanso. Anamwino a magalasi andifunsa ndekha kaye, Madamu ali panja, ngati palibe wondikakamiza. Ndati palibe. Andilembera tsiku loonana ndi adokotala, 4 Sepitembala, pa khadi langalanga, dzina langa pamwamba. Moyo wanga wonse sindinakhalepo ndi khadi la kuchipinda chimenechi.

Titatuluka pageti ndinasolola pensulo kukhutu mwachizolowezi, maso akusakasaka polemba. Madamu anandilanda pensulo, nandilandanso khadi, n'kulilowetsa m'chikwama pafupi ndi lawo.

"Ili ndisunga ine. Ndipo tsikulo ndidzakhala pabenchi, muone mmene zimakhalira kukhala ndi wokudikira."

Kenako anatulutsa khadi lawo latsopano lija n'kundiika m'thumba la malaya, akumanga batani ndi manja awo. Akuti jakisoni wawatsalira mmodzi, wa Novembala, ndipo deti ndi ntchito yanga.