Mpando Wanu Sukugwedera, Ababa

Lero zakwana zaka zinayi, Ababa, chitisiyireni. Chithunzi chili pamwambapa ena achidabwa, akuti bwanji osaika cha suti chija. Koma ife tikuti chomwechi, chimene mwagwada pakhonde la tenti, mpando mwaugadamiza miyendo m'mwamba, pensulo ili pakhutu. Amene anakudziwani avomereza kuti inuyo ndi ameneyu.

Ulendo uja mukuukumbukira. Mwana wanu wamkazi, nesi uja, ndiye anaumirira kuti inu ndi Amayi mukapumeko kumalo ogona alendo a m'nkhalango ya nyama, ife n'kukuperekezani. Munakana mpaka tinatopa nanu, mumati kalipentala akapuma chiswe chimavina. Koma munapita. Matenti ake anali matenti dzina lokha. Mkati bedi lalikulu, bafa la madzi otentha, matawulo oyera mbee, ndipo ukangosuzumira panja mbidzi ndi nswala zili yakaliyakali kudambo, mvuu zikufwenthera mumtsinje. Ife maso anali pa nyama. Inu munali kalikiliki kusisita zitseko, kugogoda mizati, kusuzumira kunsi kwa tebulo kuti muone mmene analumikizira. Wantchito atabwera kudzakunyamulirani chikwama munalimbirana naye, mpaka Amayi anachita kukutsinani.

Nyama imene munkaifuna inali imodzi, nyalugwe. Mumati njovu ndi kukula chabe, koma nyalugwe ndi wopalidwa bwino, alibe polakwika. M'mawa wa tsiku lomaliza galimoto yokaonera nyama inafika, inu n'kuti mwatulukira kuti mpando wa pakhonde ukutsimphina mwendo umodzi. Amayi anakuchondererani kuti mlendo sagwira ntchito, eni malo ali ndi amisiri awo. Inu munati tsogolani ndikupezani, ngati kuti m'tchire la mikango munthu amatsatira anzake wapansi. Munakabwereka hamala ndi guluu kwa okonza zinthu, ife n'kunyamuka. Ndiye m'mawa womwewo ndi umene tinamuona nyalugwe, atagona panthambi, mchira uli lende, pafupi penipeni moti dalaivala anazimitsa injini. Pobwerera tinakupezani mwakhala pampando uja, mukudzigwedeza uku ndi uku kuti tione mmene walimbira. Amayi anakusekani njira yonse yakunyumba, amvekere anzanu aona nyalugwe, inu mwaona mwendo wa mpando. Inu munangoti nyalugwe sasamuka, tidzabweranso.

Simunabwerereko. Mvula isanagwe munadwala, n'kutisiya.

Kuchokera pamenepo kuseka kwa Amayi kunatha. Zithunzi za ulendowo anazitsekera m'sutikesi, ndipo munthu akangotchula nyalugwe ankadzuka n'kukalowa kuchipinda. Ankati akanadziwa akanatsala nanu m'mawa uja, osati kukusekani pa chinthu choti simudzachionanso. Chaka chino tinalimba mtima n'kuwapempha kuti tibwerereko. Tinkaopa, Ababa, sitikubisirani. Mkamwini wanu ankati tikukatokosola bala. Koma tsiku lina Amayi akusita zovala anangoti apita, koma akawapatse tenti yomwe ija. Eni malo anavomera.

Titafika sanayang'ane bedi, sanayang'ane kudambo. Analunjika pakhonde n'kuuza mzime wanu kuti agadamize mipando yonse iwiri. Woyamba unalibe kanthu. Wachiwiri, kunsi kwa thabwa lokhalira, tinapeza timizere tiwiri topingasa tija munkakanda ndi msomali pa chilichonse chimene mwachigwira, tomwe tili kunsi kwa tebulo lathu lodyera ndi pabedi la adzukulu anu. Amayi anayendetsapo chala. Kenako anauimika, anakhalapo, n'kudzigwedeza monga munachitira inu. Mpando uli nji.

Ndiye anaseka, Ababa. Kuseka kuja kogwira panthiti, misozi ikutsika, amvekere nkhalamba yanga ija inabwera kudzagwira ganyu yaulere pakati pa mikango. Tonse tinaseka nawo, ngakhale mkamwini wanu.

M'mawa mwake galimoto itafika anakana kukwera. Anati tsogolani ndikupezani. Tinazungulira mpaka dzuwa kuwawa, tinaona njati, njiri, ndi mikango itagona ngati yaledzera, koma nyalugwe ayi. Pobwerera tinawapeza pampando wanu, tiyi atazizira m'kapu, akuonerera njovu zikuwoloka mtsinje ndi ana awo. Anati tsopano mtima wakhala pansi, adziwa kuti m'mawa uja simunamanidwe kanthu, pakhondepo pali bwino.

Kunyumba tili bwino. Shopu yanu ikuyenda. Ine mwana wanu woyamba ndikugwiritsabe ntchito pulena yanu yopalira matabwa, ndipo kasitomala akandifulumizitsa ndimamuuza mawu anu aja, kuti guluu sauma ndi phokoso. Ang'ono anu amabwerabe Loweruka kudzakhala pabenchi, amangotola zopalidwa pansi n'kumazinunkhiza. Adzukulu amafunsa ngati kumene muliko kuli nyalugwe. Zithunzi zatuluka m'sutikesi, ndipo ichi chili pamwambachi asankha ndi Amayi eni ake.

Pumulani, Ababa, ndipo mipando ya kumeneko muisiye. Ife akazi anu, ana, akamwini ndi adzukulu sitidzakuiwalani.