Inhela ya Sungeni Ili M'kabati

Madaraka, Nairobi
Lachinayi

Okondedwa achimwene a Lawson,

Muli bwanji kumeneko? Alamu ndi ana ali bwanji, nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo, kungoti Julaye wa ku Nairobi akuzizira koopsa, dzuwa taliiwala nkhope.

Ndalemba papepala kuti ndijambule n'kukutumizirani, chifukwa pafoni ndimangolira, nkhani osaimaliza. Mphwanu Sungeni mphumu ija yamuvutanso, ndipo ine mutu wanga waima.

Mnzawo wa kuntchito wa alamu anu a Fraser anawauza za dokotala wina ku Muthaiga, wowongola msana, akuti kayiropulakita. Tinapita. Nyumba yake, achimwene, mpaka ndinachita manyazi ndi nsapato zanga. Bamboyo anatulutsa mafupa a msana apulasitiki n'kutifotokozera kuti tinjira ta mpweya ta m'mapapo sititseguka kapena kutsekeka patokha, timalamulidwa ndi minyewa yochokera ku ubongo, ina yodzera mumsana. Akuti fupa likakhota pang'ono limapana minyewayo. Anamugoneka mwana chafufumimba n'kumudina, msana kuti khotyo! Ine mtima unachita kuchoka, mwiniwake anangoseka.

Kenako ndinapita kwa dokotala wa kuchipatala, mayi amene amamuona Sungeni chibwerereni kuno. Ndinkayembekeza kuti anena kuti zonsezo n'zabodza. Ayi, anavomera kuti minyewa imalamuliradi tinjira timeneto. Koma akuti vuto la Sungeni ndi kutupa kwa m'kati mwa tinjirato, ndipo sanaonepo umboni woti kudina msana kumachotsa kutupako. Ndiye onse awiri ayambira pamodzi, n'kukathera kosiyana. Ine amene bayoloje inandikanika ku fomu folo ndiweruza bwanji?

Chondisokonezanso, mwanayu akachokera kodinidwako amagona bwino. Zimenezo ndaziona ndi maso anga, sindinganame.

Tsono a Fraser anatenga mainhela onse awiri opopera mankhwala m'kamwa, yabulauni ya tsiku ndi tsiku ndi yabuluu ya akabanika, n'kukiyira m'kabati. Akuti kwathu munthu ukayamba mankhwala a sing'anga watsopano umasiya a woyamba, apo ayi mankhwalawo amamenyana m'thupi. Ndinawauza kuti wa ku Muthaigayo sapereka mankhwala, ndi manja chabe, ndiponso sananenepo zoti tisiye kupopa. Anandifunsa kuti nanga tikasakaniza tidziwa bwanji chimene chachiritsa. Munthu wa madigiri awiri ameneyu, abale! Komatu si nkhanza ayi. Mwanayu amamukonda kufa, angotopa kumuona akuyenda ndi kapulasitiki kukamwa.

Lamlungu tikuchokera kutchalitchi, matatu yathu, minibasi ya kunoko, inadzera ku Industrial Area, utsi wa malole ndi fumbi lokhalokha. Sungeni m'chifuwa munayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Ndinapisa m'chikwama, mulibe kanthu. Tinakuwa kuti atitsitse. Bambo ake anayala jekete m'mbali mwa msewu, kumugoneka mwana n'kuyamba kumudina msana monga anaonera kuja, uku milomo ya mwana ikuda. Mayi wina wootcha chimanga ndi amene anandiitanira bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, ine ndi mwana mpaka ku famase, kogulitsa mankhwala, kukagula inhela ina. Atapopa, mpweya unabwerera.

Titafika kunyumba a Fraser maso anali psuu, analira ndithu. Koma madzulo ake akuti mwina kudina kwawo kuja kunali kutayamba kale kugwira ntchito, inhelayo inangomalizitsa. Nanga ndikanatsutsa ndi chiyani? Yatsopanoyo sanandilande, koma kabati sanatsegule.

Tsono imvani za dzulo. Madzulo ndinamva madzi akungotayika kubafa. Nditakankha chitseko ndinapeza Sungeni atakhala pansi, mapewa akukwera ndi kutsika, inhela ili m'thumba la yunifomu yake osaigwira. Ndinamupopetsa, kenako ndinamufunsa chifukwa chake sanandiitane. Anandiyankha moduladula kuti anatsegula mpope kuti adadi asamve chifuwa chikulira, chifukwa akamva adandaula kuti za ku Muthaiga zalephera. Akuti akufuna achire msanga kuti adadi asangalale.

Achimwene, za minyewazi sindikuzimvetsa, kaya akulondola ndani. Tsiku lina ndimadzuka ndili mbali ya wa kuchipatala, mawa lake ndayamba kukayika. Koma mwana wa zaka zisanu ndi zinayi wayamba kubisa kubanika, ndipo kusukulu kulibe woti angakankhe chitseko.

Inu ndinu mwini mbumba, mawu anu a Fraser sawakana. Chonde aimbireni Loweruka, amakhala pakhomo. Musawakalipire, ali kale ndi mantha. Ku Muthaiga azipita naye ngati akufuna, ine sindiletsa. Koma abweze mankhwala a mwana, ndipo amuuze ndi pakamwa pawo kuti akabanika azipopa. Ine ndamuuza kale. Anagwedeza mutu movomera, koma maso ake anali kuchitseko cha bambo ake.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi muwauze kuti tili bwino, za pamsewu zija musawauze, bipi ingakwere. Mulungu akusungeni, ndipo mphwanuyu muzimutchula dzina popemphera.

Ndine mlongo wanu,
Bernadette