Jombo Pansi pa Njerwa

Lachinayi, 16 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi ichi kuti mtima wanu usathamange: mwana wanu ali bwino, akudya, ndipo panopa akujambula pansi pa tebulo langa losokera. Zotsalazo muwerenge mutakhala pansi. Dzana ndinayesa kukuuzani pafoni, koma mutangofunsa kuti zikuyenda bwanji, ndinangoti zikuyenda. Ndinakunamizani. Mukhululukenso zilembo zokhotazi, zala zanga zili m'mabandeji.

Mukudziwa kuti mwezi uno umayenera kukhala wa dzuwa loswa mtengo. N'chifukwa chake ine ndi mwana wanu tinalima kadimba kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa mpanda wa njerwa uja, kuti azikhala ndi chochita ine ndikamasoka. Kumeneko ndi komwe anapezera dzina loti Kapitawo. Munthu wa zaka zinayi, manja m'chiuno, kumandiuza kuti, "Amalume, mzere wanu wakhota." Ndinamugulira kakheni kothirira, koma sikanagwire ntchito. Mvula inangobwera yosaitanidwa n'kukhazikika ngati mlendo wopanda manyazi. Tomato anada masamba, anyezi anawola, zonenepa zinali nkhono zokha.

Madzi atadzaza m'mabedi, ine wanzerune ndinatenga khasu n'kukumba ngalande yoti azitulukira. Ndinaikumba motsatira tsinde la mpanda, chifukwa ndi pomwe panali pofewa. Mng'alu ndinauona ndithu pampandapo, koma ndinangoti ndidzamata mvula ikatha.

Lolemba m'mawa kunayera pang'ono. Ndinali ndi diresi laukwati la mwiniwake wovuta, ndiye ndinamuveka Kapitawo jombo zofiira munatumiza zija, n'kumupatsa kachitini. Ndinati, "Pita ukatole nkhono kunyemba, usachokeko mpaka ndikuitane." Nyembazo, achemwali, zinayanga pampanda womwewo. Ndinamutuma ndine, ndi pakamwa pangapa.

Sindinamalize ngakhale mkono umodzi wa diresilo. Ndinangomva chiphokoso, nyumba yonse n'kugwedezeka, sizasi n'kugwa patebulo. Potuluka ndinapeza mpanda kulibe. Ndimaona bwalo la aneba ndi zovala zawo pachingwe, ndipo pomwe panali nyemba panali mulu wa njerwa ndi matope. Ndinaitana. Ndinaitananso dzina lake lenileni, mpaka mawu anasasa. Kunali zii.

Ndinayamba kufukula ndi manja. Aneba athu, amakanika aja, anabwera ndi fosholo, ine n'kuwakaniza kuti angamuteme nayo. Njerwa zina sindikudziwa kuti ndinazinyamula bwanji. Kenako ndinaona chofiira m'matope. Inali jombo. Ndinagwada pomwepo, achemwali, manja anakana kuigwira. Amakanikawo ndi omwe anaizula, n'kusuzumira m'kati, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Atelala, mulibe phazi umu."

Amene anamupeza ndi akazi awo, atalowa m'nyumba kukanditungira madzi akumwa. Mwanayo anali kuseri kwa chitseko cha kubafa, phazi limodzi lili m'jombo, linalo lili ndi sokosi yamatope, kachitini ka nkhono ali nako m'manja. Jomboyo inatitimira m'ngalande yanga ija, iye atakoka linatuluka ndi phazi lokha, ndiye anathawira m'nyumba kudzera khomo lakukhitchini mpanda usanagwe.

Ndinamunyamula n'kumufunsa kuti, "Bwanji sumayankha? Sumandimva?"

Anati, "Ndimakumvani."

"Nanga?"

"Mumakuwa kwambiri. Ndimayesa mwaiona jombo."

Apa ndi pomwe pakundiwawa kuposa zalazi. Ine ndikung'ambika zikhadabo panja, mwana ali phee m'kati, akuganiza kuti kulira kwangako ndi ukali wa nsapato. Ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi ndimamukalipira motani akataya ulusi kapena akapondera nsalu ya eni, kuti afike pondiopa chonchi. Ndili ndi manyazi.

Munandisiyira mwanayu chifukwa munati akakhala ndi ine mtima wanu udzakhala m'malo pamene mukugwira ntchito kutaliko. Azakhali ake ankamufuna, inu munakana, munasankha ine. Tsopano mwamva zimene ndachita nacho chikhulupiriro chanucho. Mukati apite kwa azakhali akewo sinditsutsa, ndidzalongedza zovala zake n'kukamutula ndekha. Koma ndisakubisireni, sindikufuna. Iye asanabwere, cholankhula m'nyumba muno anali makina okha.

Mupereke moni kwa anzanu mukukhala nawo. Amakanika ndi akazi awo akuti musadandaule, njerwa tazichotsa zonse. Kapitawo akuti moni wambiri, ndipo wangotuluka pansi pa tebulo kudzandigwira chigongono, akufunsa ngati ndalemba za jombo, poti njerwa inaiboola. Ndamuuza kuti ndalemba kuti anaiwononga ndine, ndipo apo sindinaname. Chonde mukaimba foni, muyambe mwamuuza kuti simunakwiye naye. Zonse zimene mtima wanu ukufuna kunena mudzanene kwa ine, iye atatuluka panja.

Ndine mlongo wanu,
wodikira mawu anu