Botolo la Matope Pakhonde pa Bambo

Mandimba
12 Epulo 1999

Okondedwa achemwali Florência,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Ndirandeko, inu, alamu ndi ana. Ine ndili kuno kumudzi kuyambira Januwale. Ndinabwera kudzapuma, koma mukudziwa kuti pakhomo pa bambo munthu sapuma, amangosintha chomutopetsa.

Munafunsa kuti ku Maputo ndimaphunzira chiyani kwenikweni. Ndikuuzani, koma musaseke. Ndimaphunzira matope, omwe aja munkandikwapulira ku Namwera ndikabwera nawo m'kabudula. Timapita kumene mtsinje umathira m'nyanja yamchere, timamira mpaka m'chiuno, n'kutapa matope akuda onunkha ngati dzira lovunda. M'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya. Pansipo mpweya sufika, ndiye tizilomboti timapumira mchere wina wotchedwa naitireti, womwe uja umabiriwitsa chimanga, umene amaika m'feteleza. Tikatero mcherewo umasanduka mpweya n'kuthawira kumwamba ngati thovu. Kunyanja zimenezi n'zabwino, madzi amayera nazo. Sindinkadziwa kuti ndidzazipeza kuseri kwa nyumba yathu.

Mukukumbukira kuti titabwerera kuno kwathu nkhondo itatha, inu mutatsala ku Malawi ndi ukwati wanu, malume athu a Tomasi, mlongo wa mayi, anatilandira ngakhale mayi tinawasiya m'manda ku Namwera. Mkamwini wopanda mkazi ena amangomulozera njira ya kwawo. Malume sanatero. Anapatsa bambo dambo lakumunsi lija, loyang'ana kunyanja ya Amaramba, ndipo munda wa mayi wakumtunda anati azilima okha pokusungirani inu. Bambo anati palibe kanthu, iwo ulimi wa feteleza anauphunzira ku Malawi, aonetsa anthu otsalira m'tchire mmene chimanga chimalimidwira.

Chaka chilichonse amapalasa njinga mpaka ku Chiponde, kubwera ndi thumba la feteleza, n'kuthira mvula ili pachimake, madzi atadzaza m'mizere. Chaka chilichonse chimanga chimalekera m'mawondo, chachikasu ngati maso a munthu wodwala. Kumtunda malume sathira kanthu, amangobzala nandolo ndi mtedza pakati, koma chimanga chobiriwira mpaka kuda. Bambo anawerengera okha: wothira ndine, wokolola ndi Tomasi. Ndiye kuti Tomasi ali ndi mfumba, mankhwala okokera zokolola za eni, akukawa. Chaka chatha ananena zimenezi poyera, anthu akutuluka m'tchalitchi. Kuyambira tsiku limenelo sanapatsanenso moni.

Nditafika ndinapeza malume atawonda, akutsokomola. Anandiyang'ana n'kuti, "Iwe wa matope, ukawauze alamu kuti ndikanakhala ndi mfumba ndikanayamba ndakawa mnofu wa munthu wonenepa." Kenako anatsitsa mawu. "Uwauze abzale mpunga m'menemo. Adubo yawoyo, fetelezayo, akungodyetsa madzi. Ndikanena ine amati ndikuwanyoza."

Ndinati ntchito yake ndi yomweyi, sukulu yanga iwoneke. Ndinatenga mabotolo awiri, n'kuikamo matope a m'dambo la bambo ndi madzi. Limodzi ndinathiramo feteleza pang'ono, lina ayi. Ndinatseka onse n'kuwaika pakhonde. Patapita masiku, m'botolo la feteleza munayamba kukwera thovu, kamodzikamodzi, pamene linalo linali phee. Ndinaitana bambo ndikudzimva ngati pulofesa.

"Akuba anu ndi awa, bambo."

"Ali kuti?"

"Saoneka, ndi aang'ono kwambiri."

"Amagwira ntchito poyera?"

"Ayi, pansi, kumene kulibe mpweya."

"Ndipo katundu amanyamulira m'mwamba."

"Inde."

Anatembenukira kwa ine. "Ndiye unapita ku Maputo kukaphunzira zimene agogo ako ankadziwa osavala nsapato? Chosaoneka, chokhala mumdima, chouluka ndi chakudya cha mwini. Zimenezo ndazimva. Ine ndikufunsa kuti amazituma ndani."

Achemwali, pa aphunzitsi anga onse palibe anandikonzekeretsa funso limenelo.

M'Malichi chifuwa cha malume chinakula. Ine ndi akazi awo, mayi Margarita, tinawakweza chapa, minibasi ya kuno, kupita nawo ku chipatala ku Cuamba. Ali chigonere anati ndikatenge bambo, ali nawo mawu. Ndinabwerera msewu wonse uja wa maenje, n'kuwapeza bambo ali m'dambo, madzi m'akakolo. Sanaweramuke n'komwe. Anati, "Abweze kaye chimanga changa."

Ndinalowa m'chipinda cha odwala ndekha. Malume sanayang'ane ine, anayang'ana pakhomo kumbuyo kwanga.

"Njinga yaphwa?" anafunsa.

"Yaphwa, malume."

"Matayala a ku Malawi," anatero, n'kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Ndazungulira mokwanira. Ngati mwaimirira, khalani pansi. Malume anapempha kuti tibwerere nawo kumudzi, ndipo anatisiya m'sabata ya Pasaka, m'nyumba mwawo. Tinawaika pafupi ndi agogo, pansi pa mbawa ija. Panalibe woti tim'tume kwa inu mwamsanga, mutikhululukire. Bambo anabwera kumanda, koma anaima kumbuyo kwa anthu, manja ali m'khwapa. Sanagwire khasu, ndipo kusiwa sanadye.

Nthawi imeneyo botolo lija linali litaleka kuchita thovu. Titabwera ku maliro bambo analiloza ndi chibwano n'kuti, "Waona? Mwini wake wapita, zaleka." Ndinawauza kuti chakudya changotha m'menemo. M'mawa mwake ndinawaona akukhuthula botololo kuseri, n'kupita kudambo okha kukatapa matope atsopano. Anathiramo feteleza ndi dzanja lawo, anatseka mwamphamvu, n'kundiletsa kulikhudza. Ankafuna kundigwira bodza. Masiku otsatirawo ankadyera pakhonde pomwepo, maso ali pa botolo, ngati munthu wodikira mlendo.

Thovu linakwera, achemwali. Kamodzi, kenako kena, kenako tambiri.

"Élio."

"Bambo."

"Tomasi tinamuika."

"Tinawaika, bambo."

"Dothi ndinaliona ndekha likutsika."

Analoza botololo ndi chala.

"Nanga izi akuzituma ndani?"

"Palibe, bambo. Ndi njala yawo chabe."

Anakhala pamenepo mpaka mthunzi unachoka pakhonde, dzuwa likuwawotcha mapazi, osasuntha. Ine amene ndinkalakalaka kupambana mkangano umenewu, tsiku limenelo ndinalakalaka thovulo likanapanda kukwera.

Tsopano m'mawa uliwonse amanyamula khasu n'kulowera kumtunda, osati kudambo. Amakakhala m'munda wa malume, kuthamangitsa anyani ndi kudzutsa mapesi ogwa. Mayi Margarita sawapirikitsa, komanso sawapatsa moni. Masana amasiya mbale ya chinangwa pa chitsa n'kuchoka, bambo amadya, n'kutsuka mbaleyo, n'kuibwezera pa chitsa pomwepo. Kulankhulana kwawo ndi kumeneko.

Pempho langa ndi ili. Mukabwere m'Juni tikatha kukolola, kudzakhala misa ya malume ndipo abale adzakambirana za munda. Mundawo ndi wanu, ine ndine mwamuna, tsiku lina ndidzapita kukakhala mkamwini kwa eni ake. Koma sindikukuitanirani munda wokha. Bambo akuti ali ndi mawu oti anene kwa mbumba ya Tomasi, ndipo wamkulu wotsala m'mbumbamo ndinu. Akhala akuwayeserera m'munda, ndimawamva akung'ung'udza. Musawathandize kuwanena, ndipo musawadule. Mungokhala pamphasa n'kumva.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana, muwauze kuti malume awo a matope adzawabweretsera nkhono za kunyanja yamchere. Mayi Margarita akupereka moni. Bambo ndawafunsa choti ndilembe, ndipo angoti, "Umuuze kuti chimanga chakumtunda chacha bwino."

Moni wotsiriza ndi wa malume. Anandipatsira ku Cuamba, ndipo ndausunga mpaka pano chifukwa ndikaupereka sindikhalanso ndi kanthu kawo. Anati ndikuuzeni kuti munda wanu sanaulole kumera tchire ngakhale chaka chimodzi, ndiponso kuti bambo, alamu awo, musadzawachotse m'dambomo, muli mpunga wabwino ukungodikira munthu woubzala.

Botolo likadali pakhonde. Dzulo ndinafuna kulitaya, bambo anandigwira dzanja.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Élio