M'mphepete mwa Chithunzi

Lolemba, 3 Malichi

Achimwene akuti Loweruka adzachotsa katundu m'chipinda cha Amayi. Miyezi iwiri yokha chimwalirireni. Ababa angoti chabwino, ngati akukamba zosesa pakhonde. Chiyambire maliro sindinawaonepo akugwetsa msozi, ndipo zikundiwawa. Ndikufuna chithunzi cha chipinda chonsecho asanachikhudze.

Lachiwiri, 4 Malichi

Chipindacho n'chopanikiza, kubwerera pang'ono msana wagunda khoma. Pafunika lenzi yotenga malo aakulu. Ndatulutsa kamera yanga ya galasi m'kati, ija umaonera mu lenzi momwemo. Ababa, ndi ujambuli wawo wa zaka makumi anayi, ayamba kuinyoza. Akuti lenzi yanga opanga ake anaikankhira kutsogolo kuti ipatse malo galasilo, n'chifukwa chake imapinda mafelemu a zitseko. Kamera yawo yakale ija, yosuzumira pa kazenera ka pambali, lenzi imakhala pafupi ndi filimu, mizere imawongoka bwinobwino.

Mkazi wawo wapita, iwo ali kalikiliki ndi mizere.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndajambula ndi makamera onse awiri kuti mkangano uthe. Bedi, makina osokera, nsapato pansi pa mpando. Vuto la yawoyo, kazenera sikaonetsa zonse zimene lenzi ikutenga, ndipo koonera kovekera pamwamba kanatayika kalekale. M'mbalimo umangolota. Ndinawapempha akhale pabedi, anakana.

"Jambula chipinda, usajambule ine."

Anakaima cha ku wadirobu. Nditasuzumira pa kazenera ka kamera yawo sankaoneka, ndiye ndinadina.

Loweruka, 8 Malichi

Apakira zonse. Pakhoma patsala misomali.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndakatenga zithunzi kotsukitsa. Za kamera yanga zatuluka monga ndinaonera, chipinda chopanda munthu, felemu la chitseko litapindikadi pang'ono. Za kamera ya Ababa mizere ili chilili. Koma kumanzere, m'mphepete mwenimweni, komwe kazenera sikanandionetse, ali poteropo Ababa. Atsegula wadirobu, nkhope yonse aikwirira mu juzi yobiriwira ya Amayi. Ndalira panjira ponse, manyazi atandigwira ndi zomwe ndinalemba Lachiwiri.

Masana ndinawapatsa chithunzicho. Anavala magalasi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Waona mmene chitseko chawongokera?" anatero.

Ndinati ndaona, Ababa. Sanandibwezere, anachiika m'thumba la malaya.